Khungu lobwera mosapweteka

Anthu a ku Manjawira akamva za khungu amaganiza za ng'ala, ndipo ng'ala timaithetsa: diso limayera, timachita opaleshoni, agogo amabwerera kumudzi akuona. Matenda amene amandisowetsa tulo ine pa ntchito yanga ya maso ndi glaucoma, chifukwa diso limaoneka labwinobwino kunja pamene mkati likutha, ndipo chimene chatayika sichibwereranso.

M'diso mumapangidwa madzi usana ndi usiku. Si misozi ayi. Madziwa amadyetsa mbali yakutsogolo ya diso, kenako amadutsa pa kasefa kakang'ono komwe kali pamene choyera cha diso chimakumana ndi chakuda, n'kulowa m'kanjira kotchedwa Schlemm, n'kukathera m'magazi. Kasefako kakayamba kutsekeka zimakhala ngati ngalande ya m'dimba yodzaza zinyalala: madzi akubwerabe koma potulukira pachepa. Pamenepo pulesha ya m'diso, imene mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21 tikayeza, imakwera n'kuyamba kufinya mtsempha woonera wa kuseri kwa diso, womwe uli ndi timinyewa toposa 1 miliyoni.

Ndikaunika m'diso lathanzi, mutu wa mtsemphawu umaoneka wofiirira, uli ndi kadzenje kakang'ono pakati. Wa munthu wodwala umakhala wotumbuluka, dzenje lakula, timitsempha ta magazi takankhidwira m'mphepete. Mwini wake amandiuza kuti akuona bwino, ndipo sakunama, poti kuona kumayamba kutha cham'mbali. Amawerenga Baibulo lake, koma powoloka msewu wa M1 kabaza wochokera pambali amangomuzindikira atafika kale.

Pulesha si nkhani yonse. Ena timawapeza ili bwino koma mtsempha ukufota, ndipo apa ofufuza akuyang'ana kayendedwe ka magazi opita ku mtsemphawo. Kafukufuku wa ku Barbados, amene anapeza matendawa mwa anthu akuda pafupifupi 7 pa 100 aliwonse a zaka 40 kupita m'tsogolo, anaonetsanso kuti chiopsezo chimakula ngati mphamvu ya magazi ili yotsika poyerekeza ndi pulesha ya m'diso. N'chifukwa chake ndimafunsa za BP ndi shuga. Koma wina asasiye mankhwala a BP chifukwa cha nkhani ino.

Thandizo lomwe tili nalo ndi lotsitsa pulesha basi. Mankhwala a timolol amadonthezedwa m'diso tsiku lililonse kwa moyo wonse, ndipo sitipereka kwa odwala mphumu. Vuto ndi lakuti botolo limatha, ndalama yokwerera kupita ku Ntcheu boma, ku Zomba kapena ku chipatala cha maso cha Lions ku Blantyre palibe, munthu n'kukhala miyezi osadontheza. Ku Moshi m'dziko la Tanzania, kafukufuku wofalitsidwa mu 2021 anapeza kuti patatha chaka, kuwomba kasefa kaja ndi laser kunathandiza maso 61 pa 100, pamene timolol anathandiza 31. Ndikulakalaka makina oterewa atafika m'zipatala zathu za m'maboma.

Mankhwala odontheza a dexamethasone, amene ena amagula okha diso likamayabwa, amatha kukweza pulesha. Musawagwiritse ntchito popanda kuyezedwa. Ndipo ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu anachita khungu diso lisanayere, inu muli ndi zaka 40 kapena kuposa, bwerani tikuyezeni pamodzi ndi abale anu obadwa nawo bere limodzi.