Ng'oma za amalume: musagulitse musanaone baji

Sabata yatha ndinakwera minibasi kuchokera m'tauni ya Kitwe kupita ku Kamitondo, foni ya azakhali ikuliralira m'thumba. "Mwana wanga, fulumira. Wa sikirapu wabweranso, ndipo lero wabwera ndi sikelo."

Chomwe ankafuna kupima munthuyo si zitsulo za galimoto ayi. Ndi ng'oma za bandi za malemu amalume, zomwe zakhala pamwamba pa wadiropu zaka zoposa makumi atatu, zofunditsidwa chitenje. Amalume ankagwira ntchito pa mgodi wa Nkana, ndipo Loweruka likafika ankavula chipewa cha mgodi n'kukaimba m'maholo a m'makomboni. Manje mdzukulu wawo wapeza malo ku koleji, ndalama palibe, ndiye maso onse apita pamwamba pa wadiropu.

Ogula analipo atatu. Wa sikirapu ankafuna mbale zamkuwa zija, ma cymbal, pa mtengo wa kilo. Atsogoleri a kwaya ya tchalitchi china ankati azakhali angopereka kuti alandire madalitso. Wachitatu anali mnyamata wovala bwino, yemwe anajambula ng'oma iliyonse ndi foni, nkhope ili gwa, n'kutchula ndalama yosakwana matumba atatu a unga. Ameneyo ndiye anandichititsa mantha. Munthu sajambula zinyalala mbali zinayi.

Mwina inunso, pomwe mwapanikizana pampando wakumbuyo mukudikira chenji kwa ba kondakitala, mwakumbukira ng'oma zotere kunyumba kapena m'sitolo ya tchalitchi. Ku Copperbelt kuno n'zosadabwitsa. M'zaka za m'ma 1970, mkuwa uli pa mtengo, migodi inali ndi makalabu ndi maholo, ndipo anyamata ankapanga mabandi komboni iliyonse. WITCH ya Jagari Chanda, mwana wa ku Chamboli, inayambira mu Kitwe muno, pa ng'oma pali Boyd Sinkala. Amanaz nayonso ndi ya ku Kitwe, ndipo chimbale chawo cha Africa chinatuluka mu 1975. Ku Ndola kunali kampani ya Teal yodinda zimbale komanso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo. Ba Kaunda atalamula kuti wailesi iziimba kwambiri nyimbo za kuno, zida zoimbira zinasanduka khasu. Kenako mkuwa unagwa, ndalama zinauma, matenda a Edzi anatenga oimba ambiri. Zida zinatsala.

Lero nyimbo zimenezo, za Zamrock, zadzukanso. Kampani ya Now-Again ya ku America inadindanso zimbale zakale, WITCH inatulutsa chimbale chatsopano cha Zango mu 2023, ndipo mu 2024 Tyler, the Creator anatenga mawu a Ngozi Family n'kuwaika mu nyimbo yake ya Noid. Ndiye anyamata a mafoni akuzungulira m'makomboni sakusochera. Akudziwa chomwe akufuna. Funso n'lakuti: inu mukudziwa chomwe muli nacho?

Yambani ndi baji. Ng'oma iliyonse ya kampani ili ndi kachitsulo kolembedwa dzina, kawirikawiri pa kabowo kotulukira mpweya. Mayina odziwika ndi Premier ya ku England, Ludwig, Gretsch, Rogers ndi Slingerland za ku America, komanso Pearl, Tama ndi Yamaha za ku Japan. Kapangidwe ka baji kamanena zaka. Ludwig ya m'ma 1960 ili ndi kabaji kakang'ono kooneka ngati golide. Kuyambira cha mu 1969 anasintha n'kuika ya buluu ndi girini yopendekeka. Dzina la Tama linayamba mu 1974, kale kampaniyo inkalemba Star. Mukaona Olympic, dziwani kuti ndi mng'ono wake wa Premier, wopangidwa ndi kampani yomweyo koma wotsikirako mtengo. Pa baji zambiri pali nambala. Ilembeni, koma musaikhulupirire yokha, chifukwa kufakitale mabaji sankaikidwa motsatana bwinobwino. Nambala imakupatsani nyengo, osati tsiku.

Kachiwiri, suzumirani mkati. Masulani chikumba chimodzi, muunike ndi tochi ya foni. Ludwig zambiri za m'ma 1960 zili ndi deti lodindidwa ndi inki mkatimo. Ng'oma zakale za ku England ndi ku America kawirikawiri ndi za thabwa lopyapyala, lokhala ndi mkombero wina wolimbitsa kumlomo. Za ku Japan zotchipa za nthawi imeneyo, zomwe zinkatuluka ndi mayina ambirimbiri, thabwa lake ndi lopepuka, lamabowobowo, mizere yake yoimirira. Zimenezo zimalira ndithu, koma sizikwera mtengo.

Kachitatu, onani zomangira. Premier yakale ili ndi masikuluu okhala ndi mpata pamutu, oti mutha kupotokola ndi kakobiri, pomwe ng'oma zamasiku ano mitu yake ndi ya ngodya zinayi. Palinso chizindikiro china: mpaka kumapeto kwa m'ma 1960, ng'oma zina za Premier zinkapangidwa pa muyeso wawowawo, moti chikumba cha pulasitiki cha m'shopu lero chimakana kulowa. Chikakana, ng'omayo ndi yakale zoona, koma wogula adzadandaula kuti zikumba zake n'zovuta kupeza, ndipo adzatsitsirapo mtengo.

Zaka zokha si ndalama. Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. Pearl Export inayamba kutuluka kumayambiriro kwa m'ma 1980 ndipo inagulitsidwa yambiri padziko lonse, ndiye ngakhale ikhale ndi zaka 40, mtengo wake ndi wa ng'oma yogwiritsidwa kale ntchito basi. Chimene chimakweza mtengo ndi zinthu zinayi: dzina, kusowa kwake, thanzi lake, ndiponso ngati zonse ndi za mimba imodzi.

Thanzi mumaliona chonchi. Tengani tepi ya atelala, mupime pakamwa pa ng'oma mopingasa, mbali zitatu. Manambala akasiyana kwambiri, ng'omayo inapindika ndi chinyontho ndipo sidzamangika bwino. Yendetsani chala pamlomo pomwe pamakhala chikumba. Pakhale posalala, popanda zibenthu. Funani timabowo ta chiswe ndi fumbi la thabwa. Werengani mabowo a masikuluu: bowo lililonse lomwe munthu anaboola yekha kuti amangirire chitsulo cha kampani ina limadula mtengo. Dzimbiri lapamwamba limachoka, koma lodya chitsulo mpaka kusiya zipsera silichoka.

Ndipo chonde, musapente. Azakhali anali atagula kale kachitini ka penti yofiira kuti "zioneke zatsopano". Wogula zakale amafuna khungu lomwe ng'oma inabadwa nalo, ngakhale lofwifwa. Ma cymbal nawonso musawakweche ndi phulusa kapena waya wotsukira mapoto. Pafupi ndi m'mphepete pamakhala chidindo chaching'ono: Zildjian, Paiste, kapena Zyn ndi Krut zotchipa za ku England. Ma cymbal abwino ambiri ndi mkuwa magawo 80 pa 100, otsalawo ndi chitsulo cha tini, ndiye wa sikirapu sananame kuti ndi mkuwa. Koma K Zildjian imodzi yakale yosulidwa ku Istanbul, ngati ilibe mng'alu, itha kuposa mtengo wa ng'oma zonse pamodzi. Kuigulitsa pa kilo kuli ngati kugulitsa ng'ombe ya mkaka pa mtengo wa chikopa.

Nanga mtengo weniweni muudziwa bwanji? Mwana wodziwa foni afufuze pa eBay kapena Reverb ng'oma yofanana dzina, zaka ndi kukula, ndipo aone ndalama yomwe zinagulidwa, osati yomwe wogulitsa akulota. Kenako bwererani pansi. Umenewo ndi mtengo wa ku London kapena Chicago. Kutumiza ng'oma yaikulu ija kunja kumadya ndalama zambiri, ndipo wogula wa kuno, kaya ndi tchalitchi, situdiyo ya ku Lusaka kapena bandi ya m'maukwati, amagula kuti aziimba, osati kuti aike m'galasi. Funsani anthu atatu osadziwana. Cymbal ndi ng'oma ya snare funsani mtengo wake pazokha, chifukwa ndizo zosavuta kunyamula ndipo ndizo amathamangira ochenjera.

Chomaliza ndi mbiri. Mu December 2015, ng'oma za Ludwig zomwe Ringo Starr ankaimba ndi The Beatles zinagulidwa madola oposa 2 miliyoni. Thabwa lake silisiyana ndi la Ludwig zina za 1963. Chinagulidwa ndi dzina, ndipo umboni unalipo. Choncho chithunzi chakale cha bandi, risiti, kalata yoitanira ku holo, zonsezo musataye. Koma osanama. Si ng'oma iliyonse yakale mu Kitwe inaimbidwa ndi WITCH, ndipo wogula wodziwa amazindikira bodza msanga.

Za amalume zinapezeka kuti ndi Olympic, ng'oma zitatu za mimba imodzi, yachinayi ya ku Japan yongobwerekera malo. Yaikulu ija chiswe chinalawako pansi. Mwa ma cymbal awiri, imodzi ndi Zyn yong'aluka, inayo ndi Paiste yamoyo. Si chuma cha ku America ayi, ndipo koleji yonse sizilipira. Koma woimba wina wachikulire wa ku Chimwemwe ataziona, anati Paiste yokhayo iposa ndalama yomwe mnyamata uja anatchulira zonse.

Azakhali anaitana ana awo onse, chifukwa katundu wa malemu sagulitsa munthu mmodzi. Anagwirizana kuti Paiste ipite, ilipireko teremu yoyamba, ndipo ng'oma zitsike pa wadiropu zikhale pouma mpaka papezeke wogula woyenera. Mkati mwa snare tinapezamo kachithunzi kopindika: amalume ali ndi tsitsi la afro ndi buluku la belu, ndodo zili m'mwamba. Azakhali anakayang'ana nthawi yaitali.

"Aka sikali pa malonda," anatero, n'kukalowetsa m'Baibulo.

Mnyamata wa foni anaimbanso Lachiwiri, mtengo atauwonjezera kawiri. Azakhali anamuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kudula foni.