TIFESE M'CIANI? NYUMBA YOYAMBA YA MBEU ZATHU

Kapaketi ka mbeu ya matimati kapena kabici kamadya ndalama zambiri. Banja likataya mbande zake, lataya ndiwo za miyezi ingapo, pamodzi ndi kangacepe kogulira sopo ndi makope a ana a sukulu. Kawirikawiri timanamizira mbeu kapena dzuwa, pamene vuto linali m'cotengera cimene tinafeseramo.

M'fanizo la wofesa, m'mutu 4 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Marko Woyera, timamva za mbeu imene inamera msanga pathanthwe, koma nifota cifukwa dothi linali losazama. Ambuye Yesu anali kunena za mitima yathu, komabe alimi amene anali kumvetsera anadziwa kuti ndi momwe zimakhaliradi kumunda. Tsono posankha cotengera, ganizirani muzu poyamba, maonekedwe ake pambuyo.

Matimati, kabici, repu ndi tsabola zimakhala pa nazale milungu 4 kufikira 6. Cotengera cozama masentimita 8 kapena 10, ngati utali wa cala cacikulu ca pakati, cizikwanira. Palibe cifukwa cogulira zodula m'sitolo. Zitini zakale, mabotolo a pulasitiki odula pakati, mapaketi a mkaka ngakhalenso a Chibuku otsuka bwino, zonsezi zimagwira nchito. Kumudzi mungathe kudula nsungwi mfundo ndi mfundo, kapena kupinda makungwa ouma a nthoci kukhala timiphika. Ubwino wa makungwa ndi wakuti mumabzala mbande pamodzi ndi kamphika kake, ndipo kamaolera m'nthaka popanda kusokoneza mizu.

Mitengo imafuna malo ozama koposa. Mapapaya, mandimu ndi mango zimayenera matumba akuda a pulasitiki. Msangu, mtengo umene umagwetsa masamba nthawi ya dzinja ndi kubwezera nthaka conde, uli ndi muzu umodzi wothamangira pansi. Ukacedwa m'thumba, muzuwo umazungulira ngati nkhata, ndipo mtengo umakula mopinimbira. Cifukwa cake ikani matumba ake pathandala kuti muzu ukatulukira kunsi uumire pomwepo, ndipo muuwokere mvula ikangokhazikika.

Ziripo mbeu zina zosafuna cotengera konse. Karoti, nyemba, cimanga ndi delele sizikondwa kuzulidwa. Zimenezi fesani pamalo pamene zidzakulire.

Cotengera ciriconse cikhale ndi mabowo kunsi. Tengani msomali, boolani malo 4 kapena 5. Mizu imapuma monga ife, ndipo madzi akaima imatsamwa ndi kuola. Cinyontho copitirira cimabweretsanso matenda amene amaoletsa tsinde la mbande pamalire ndi dothi. Madzulo mbande ziri ciriri, m'mawa mupeza zagona zonse. Matendawa amabisala m'dothi lotsalira la caka catha, motero zotengera zakale muzitsuke ndi sopo ndi kuziyanika padzuwa musanathiremo dothi latsopano. Dothilo likhale losakaniza: mbali 2 za dothi la pamwamba, mbali imodzi ya manyowa oola bwino, ndi mbali imodzi ya mcenga.

Kumbukiraninso kuti citini ndi thumba lakuda zimatentha msanga, makamaka mu Okutobala. Ziikeni pamene pamafika dzuwa la m'mawa, pansi pa kakhumbi ka udzu. Dzira la nkhuku, limene ena amayesa, ndi laling'ono: dothi lake limauma tsiku lisanathe.

Cenjezo lalikulu ndi ili: musagwiritse nchito zigubu zimene munali mankhwala ophera tizilombo, mankhwala a thonje kapena mafuta a galimoto, ngakhale zitaoneka zoyera. Poizoni amakanirira m'pulasitiki, ndipo ana athu ndiwo amakonda kuthirira nazale ndi kusewera pamenepo.

M'caka ca 2015, m'kalata yao yochedwa Laudato Si', malemu Papa Francis anatidandaulira za cizolowezi cotaya zinthu mosaganizira. Botolo limene likadatseka ngalande ku Lusaka kapena ku Chipata lingathe kulera mbande ya matimati. Mphakati uliwonse ungathe kusonkhanitsa zotengera, kufesa pamodzi, ndi kugawira mbande kwa amasiye ndi okalamba amene sangathe kugula mbeu. Mutu umodzi susenza denga. Pamsonkhano wa mlungu uno, aliyense abwere ndi citini cimodzi ndi msomali.