Mapemphero Ochezera: Chilolezo Tikachitenge Kuti?

Kwa Mlolo, ku East Bank m'boma la Nsanje, munthu salowa m'nyumba msanga mwezi wa Okutobala. Malata amakhala atamwa dzuwa tsiku lonse, choncho mabanja ambiri amayala mikeka pabwalo kudikira kuti kuzizireko. Nyengo yomweyi ndi imene mipingo imakonda kuchititsa misonkhano ya chitsitsimutso, poti mvula imakhala isanayambe ndipo njira zimakhala zouma. Kale parafini akatha m'nyali, mapemphero ankatheranso pomwepo. Lero kuli sola, mabatire ndi masipika, ndipo mpingo ukhoza kuyimba mpaka tambala woyamba. Ndiye funso likubwera m'mabodi a mipingo yambiri: tikafuna kutalikitsa nthawi ya mapemphero, kapena kuyamba ochezera, tiyenera kupempha kwa yani?

Kumaiko ena yankho lake lili papepala. Ku England, khonsolo ikamaloleza kuti nyumba ikhale tchalitchi kapena mzikiti pakati pa nyumba za anthu, kawirikawiri imalemba maola otsegulira ndi otsekera. Mpingo ukafuna kuwonjezera maolawo umalemba pempho latsopano, anthu oyandikana nawo amadziwitsidwa, ndipo amapatsidwa masiku 21 oti anene maganizo awo. Ku Rwanda boma linachita zaukali: mu 2018 linatseka matchalitchi oposa 700 mumzinda wa Kigali, ndipo phokoso linali limodzi mwa zifukwa zake, pamodzi ndi nyumba zosalimba komanso kusowa kwa ukhondo.

Kwathu kuno gawo 33 la Malamulo Aakulu a dziko limateteza ufulu wopembedza, ndipo palibe amene angauze mpingo kuti usapemphere. Koma nyumba yopemphereramo ndi nkhani ina. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa lija la 1988, linafikitsa nkhani ya mapulani m'dziko lonse, osati m'matauni mokha. Mpingo wofuna kumanga, kukuza tchalitchi, kapena kusandutsa nyumba yogonamo kapena golosale kukhala kachisi, uyenera kukafunsa kukhonsolo. Chilolezo chotere chikhoza kubwera ndi mfundo zoyenera kutsata, ndipo mlembi wa mpingo achita bwino kuziwerenga asanaike pepalalo m'sutikesi. Makhonsolo alinso ndi mphamvu, pansi pa lamulo la maboma aang'ono la 1998, yokhazikitsa malamulo awoawo oletsa zosokoneza anthu.

Vuto la kwa Mlolo ndi lakuti khonsoloyo ili kutsidya. Kuchokera pamene madzi anakokolola njanji pakati pa Makhanga ndi Bangula mu 1997, wofuna kukafika ku Nsanje boma amakwera bwato kuwoloka Shire, apo ayi azungulire ku Thabwa ndi ku Chikwawa, ulendo wodya tsiku ndi ndalama. Palibe mkulu wa mpingo amene angayende ulendo umenewo kukapempha kuti mapemphero a Lachitatu azitha 10 koloko m'malo mwa 8. Zimene zimachitika ndi zakuti amakagwada kwa nyakwawa, nthawi zina n'kudziwitsa apolisi a m'dera, basi. Zimenezi n'zabwino ndithu, koma nyakwawa nthawi zambiri sagona kuseri kwa tchalitchi. Amene amagona kumeneko, gogo wodwala BP, mayi woyamwitsa, mwana wa Sitandade 8, ndi amene safunsidwa. Ndipo sadandaula, chifukwa ndani akufuna kutchuka m'mudzi kuti ndi mfiti yodana ndi pemphero?

Tiyeni tiwerengetse pang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti m'chipinda chogona phokoso lisapitirire madesibelo 30, ndipo mu 2009 linanena kuti kunja kwa nyumba usiku lisapitirire 40. Pamalo opanda chotchinga, mawu amatsika ndi madesibelo 6 okha nthawi iliyonse imene mtunda wawirikiza kawiri. Ndiye sipika ya panja ikamatulutsa madesibelo 100 munthu ataima mita imodzi kuchokera pamene ili, pa mamita 128 imamvekabe pafupifupi 58, ngati munthu akukulankhula pafupi. Kuti itsike kufika 40 pafunika pafupifupi kilomita yathunthu. Usiku zimanyanya, chifukwa mpweya wozizira wapansi umabweza mawu kuti ayende chapansipansi m'malo mokwera kumwamba. M'chigwa chathyathyathya, momwe anthu agona panja, mulibe khoma loti liwateteze.

Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo, ndipo mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12. Khutu siligona. Ngakhale munthu asadzuke, phokoso limafulumizitsa kugunda kwa mtima ndi kudula tulo tatikulu tija timene thupi limadzikonzera. Kusagona mokwanira kwa nthawi yaitali kumayenda limodzi ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi kuiwalaiwala m'kalasi. Mlimi wa mpunga pa sikimu ya Muona amafuna kulawirira kusanatenthe. Akagona 2 koloko, adzapeza dzuwa litamudikira kale. Ife a Adventist timaphunzitsa kuti kupuma ndi limodzi mwa malamulo a thanzi. N'zochititsa manyazi kulalikira zimenezi pa sipika imene ikulanda tulo mudzi wonse. Miyambo 27:14 imachenjeza kuti ngakhale dalitso, likafuulidwa pa nthawi yolakwika, mnansi amalimva ngati temberero.

Opempherawo nawonso thupi lawo lili pachiswe. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma kwambiri usiku, ndipo dera ili lili pakati pa Shire, Ruo ndi dambo la Elephant Marsh. Ola lililonse limene mwana wagona pachitenje m'tchalitchi ndi ola limene ali kunja kwa neti. Atsikana amabwerera kunyumba mumdima, m'njira zodutsa m'minda, ndipo si makolo onse amene amadziwa nthawi imene mapemphero anathera.

Komatu anthu a kwa Mlolo amadziwa kufunika kwa tchalitchi chotsegula usiku kuposa ambiri a ife. Mu Januwale 2015 madzi anamiza Makhanga ndi midzi yozungulira. Anabweranso mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana, ndiponso mu Malichi 2023 ndi Freddy. Pa nthawi zotere masukulu ndi matchalitchi a kumtunda ndi amene amasanduka pogona, ndipo palibe amene amafunsa za maola kapena za mpingo wa munthu. Chitseko chotsegula sichinasowetsepo munthu mtendere. Chimene anansi amadandaula nacho ndi sipika, ndipo mabodi a mipingo akasiyanitsa ziwirizi, theka la mkangano latha.

Mpingo wofuna kuwonjezera maola uyambe ndi kutuma madikoni awiri kuyenda khomo ndi khomo m'nyumba zoyandikana, kuphatikizapo za Asilamu, Akatolika ndi osapemphera, kutatsala sabata kapena awiri. Akanene masiku ndi nthawi yotsekera, ndipo akafunse ngati pali wodwala kapena mwana amene akulemba mayeso. Zimene agwirizana azikanena kwa nyakwawa ndi kuzilemba m'buku la mpingo, kuti abusa akasamutsidwa pangano lisasamuke nawo. Sipika ya panja izimitsidwe nthawi imene mudzi umagona, ya m'kati itsitsidwe ndi kuloza kwa omvera. Anthu 60 m'tchalitchi cha njerwa amamvana bwinobwino popanda maikolofoni.

Pali kuyesa kumodzi kosafuna chipangizo chilichonse. Kwaya ikayamba kuyimba usiku woyamba, mkulu wa mpingo atuluke, akaime pakhonde la nyumba yoyandikana kwambiri, ayankhule ndi mwini nyumbayo ndi mawu a masiku onse. Ngati akuyenera kukweza mawu kuti amvane, atume mwana akauze wa pamakina kuti atsitse.