Laputopu yataya intaneti itangopanga update? Musathamangire kukafomata

Microsoft imatulutsa ma update a Windows pa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Kwathu kuno amafika madzulo, ndiye ambiri amadzuka Lachitatu n'kupeza laputopu yomwe dzulo limene imagwira bwinobwino ikukana intaneti. Mukapita nayo kwa okonza m'tauni, ena amangoti "tifomate basi". Ndalama zapita, ndipo ngati simunasunge mafayilo kwina, ma assignment ndi zithunzi zapitanso. Chonsecho nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono.

Yambani n'kuona kuti vutolo ndi lotani. Lumikizani foni ina pa hotspot kapena MiFi yomweyo. Ikakananso, laputopu ilibe mlandu. Mwina update yomweyo ndi imene yamaliza bando yanu, paja ena amalemera kuposa 1GB. Onaninso ngati Airplane mode sinayake.

Ngati Wi-Fi ikulumikiza koma ikuti "No internet", fufuzani cmd pa Start, dinani kumanja musankhe Run as administrator. Lembani netsh winsock reset, kenako netsh int ip reset, kenako ipconfig /flushdns, n'kuchita restart. Muli VPN kapena antivirus yoikamo nokha? Iyambeni mwaizimitsa, imakonda kukangana ndi update yatsopano.

Nkhani yaikulu ndi pamene chizindikiro cha Wi-Fi chasoweratu, netiweki ngakhale imodzi osaoneka. Apa anthu amaganiza kuti khadi ya Wi-Fi yapsa. Kawirikawiri ndi driver. Driver ndi kapulogalamu kamene kamamasulira pakati pa Windows ndi kachipangizo ka Wi-Fi kali mkati mwa laputopu, kaya ndi ka Intel, Realtek kapena Qualcomm. Update ikabwera imatha kusintha womasulirayu n'kuika wina yemwe sagwirizana ndi kachipangizo kanu, makamaka pa malaputopu akale a kaunjika omwe ambirife timagwiritsa ntchito.

Dinani kumanja pa Start, tsegulani Device Manager, kenako Network adapters. Pezani dzina lomwe lili ndi mawu akuti Wireless kapena Wi-Fi. Pakakhala kachizindikiro kachikasu, mwaupeza mutu wa nkhani. Lowani pa Properties, Driver, mudine Roll Back Driver, ndipo driver wakale abwerera. Batanilo likakhala lofwifwa losadinika, sankhani Uninstall device, koma musachonge kabokosi kochotseratu driver. Mukachita restart, Windows imamuikanso yokha.

Zikakanikabe, mufunika driver watsopano kuchokera pa webusayiti ya HP, Dell, Lenovo kapena amene anapanga laputopu yanu. Mukuti mudawunilodi bwanji popanda intaneti eti? Tengani foni ya Android ndi chingwe cha USB chodutsa data, osati chongotchajira, muyatse USB tethering. Njirayi sidutsa pa khadi ya Wi-Fi n'komwe.

Mutha kuchotsanso update yeniyeniyo: Settings, Windows Update, Update history, Uninstall updates. Ikakhala update yaikulu yosintha version, pa Recovery pali Go back, koma imakhalapo masiku 10 okha. Musazengereze.

Network reset ndimaiika kumapeto, chifukwa imafufuta mapasiwedi onse a Wi-Fi omwe munasunga, kuphatikiza ya kwa neba ija simukuikumbukanso. Ikatero laputopu imazima n'kuyakanso yokha pakatha mphindi 5.

Intaneti ikabwerera, imitsani kaye ma update kwa sabata imodzi kapena ziwiri (Windows imalola mpaka masabata 5), kuopa kuti yomweyo ingabwererenso. Kuwatsekeratu ayi, ndi amene amatseka mipata yolowera ma virus. Hotspot ya foni yanu muiike pa Metered connection, kuti Windows isamadawunilodi zinthu zikuluzikulu pa bando ya tsiku limodzi inu musakudziwa.