KOMPYUTA IKAKANA KUYAKA

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za kompyuta ya patebulo, ija ya bokosi lalikulu ndi galasi lace padera. Ambiri a inu munagulako yakale ku Kitwe kapena ku Lusaka ndi kuitumiza kwanu kumudzi, ndipo inenso ndinatero. Mlongo wanga aphunzitsa pa sukulu ina m'boma la Lundazi. Tsiku lina anandiuza pa foni kuti kompyuta ija yafa, ndi kuti mamakisi onse a ana a m'kalasi mwace ali momwemo. Anafuna kuikweza basi kunka nayo ku Chipata, ulendo wa makilomita ngati 180, kuti mmisiri akaione. Ndinampempha kuti ayambe wadikira, pakuti makina ambiri amene anthu amati afa sanafe konse, ndipo cobvuta cace munthu angathe kucipeza ali panyumba.

Yambani ndi magetsi. Musaseke ai, pakuti ngakhale anthu ophunzira amaiwala zimenezi. Cotsani pulagi ya kompyuta, mulowetse ya nyale kapena ya wailesi pamalo pomwepo, muone ngati iyaka. Yesaninso nthambo ina, cifukwa makoswe amakonda kutafuna nthambo kuseri kwa tebulo. Pambuyo pace yang'anani kumbuyo kwa bokosi, pamene nthambo ilowa. Pamenepo pali kabokosi kacitsulo kamene amisiri amati power supply. Nchito yace ndiyo kulandira mavoloti 230 a m'nyumba zathu ndi kuwacepetsa kuti akhale 12, 5 ndi 3.3, amene ziwalo za m'kati zifuna. Makina ena akale ali ndi kaswici kofiira pamenepo, kolembedwa 115 mbali yina ndi 230 mbali yina. Kuno kwathu kayenera kukhala pa 230 masiku onse. Mwana akakasuntha posewera, inu n'kuyatsa, mudzamva kuphulika ndi fungo la kupserera.

Kabokosi kameneka ndiko kamafa kawirikawiri, ndipo cifukwa cace mucidziwa. Mukumbukira caka ca 2024, pamene mvula inakana, madzi nacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi nazima maora ambiri pa tsiku. Kuzima kwa dzidzidzi kumaononga zimene munali kulemba, koma coopsya kopambana ndi nthawi imene magetsi abwerera, pakuti angathe kufika ndi mphamvu yopyola muyeso. Majenereta ang'ono amene anthu anagula caka cimeneco nawonso sapereka mphamvu yokhazikika. Tsono magetsi akazima zulani pulagi, ndipo muteronso mukamva mabingu m'nyengo ya dzinja. Wokhala ndi ndalama agule UPS, bokosi la batire limene lipatsa munthu mphindi zocepa zakuti asunge nchito yace ndi kuzimitsa bwino. Koma power supply yeniyeniyo musaitsegule ndi pang'ono pomwe. Imasunga magetsi m'kati ngakhale mutazula pulagi, ndipo angakupwetekeni koopsya. Ikafa, mmisiri aikemo yina.

Ya mlongo wanga sinali yotere. Akasindikiza batani kanyale kanali kuyaka, fani inali kuzungulira, bokosi linali kulira kuti pii, pii, pii, koma pagalasi panali bii. Kulira kumeneko ndiko kulankhula kwa makina, ndipo tanthauzo lace lisiyana monga mwa kampani imene inawapanga, koma nthawi zambiri amadandaula za RAM. RAM ndi timatabwa tating'ono, totalika ngati cala ndi theka, timene tiimirira m'mipata yace pa bolodi lalikulu. Makina akagwedezeka pa msewu wa mabampu timakhwepa, ndipo fumbi limalowa pansi pace. Ndinamuuza kuti azule pulagi, atsegule cibvundikiro ca m'mbali, agwire citsulo ca bokosi ndi dzanja kuti magetsi a m'thupi mwace acoke, akankhe timano tiwiri ta kumapeto, azule katabwako, apukute mokhala ngati golidi ndi kansaru kouma, ndi kukabwezera kufikira timano titi thapu. Anaopa, nacita thukuta, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Atayatsa, dzina lace linaoneka pagalasi. Ndalama ya basi inatsala m'thumba.

Pa bolodi lomwelo pali kabatire kobulungira ngati kandalama, kolembedwa CR2032, ka mavoloti 3. Kompyuta ikayamba kuiwala tsiku ndi nthawi, kapena kukupemphani kusindikiza F1 poyatsa, ndiko katha. Mungakagule m'sitoro zogulitsa mawoci.

Tsopano za makina amene ayaka bwino, koma patapita kanthawi azima okha kapena auma osayankha. Cinthu coyamba kuciganizira ndico kutentha. Inu a ku Lundazi mudziwa fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala, ndi dzuwa la mu Okutobala. Fumbi limenelo fani imalikoka, ndipo limaunjikana ngati thonje pa tizitsulo toziziritsa purosesa. Purosesa ikafika pafupi ndi madigiri 100 imadzicepetsera liwiro kapena kuzimitsa makina onse kuti isapse. Ndaona m'nyumba zambiri bokosi litabvekedwa nsaru yoluka bwino, maluwa ali pamwamba. N'zokongola ndithu, amai, koma makina ali kubanika. Bvulani nsaru poyatsa, cotsani bokosi pansi ndi kulitalikitsa ndi khoma, ndipo kawiri pa caka mulitulutse panja, mulitsegule, mupemerere fumbi ndi pompi ya njinga ndi kaburashi kofewa. Madzi asayandikire.

Galasi likasanduka lobiriwira ngati thambo, ndi mau a Cingerezi, lembani mauwo pa pepala kapena muwajambule ndi foni, pakuti adzathandiza mmisiri. Kumbukiraninso cimene munalowetsamo posacedwa, kaya ndi pulogramu yatsopano, kaya ndi fulashi ya mnzanu imene yayenda m'makina ambiri ndi kutola mavairasi.

Pali zizindikiro ziwiri zimene muyenera kuleka nazo kuyesa. Cina ndi fungo la kupserera. Cina ndi phokoso lakuti kete, kete, kete locokera mu hard disk, mosungira zolembedwa zanu zonse. Imeneyo iri pafupi kufa, ndipo kuyatsa kuli konse kuifulumizitsa. Ngati ikali kutseguka, koperani msanga zofunika pa fulashi. Pamenepo ndipo mukwere nayo basi. Mukafika kwa mmisiri, mumuuze poyamba penipeni kuti asacite format asanakopere zanu, cifukwa ena amafulumira kufafaniza zonse kuti nchito iwapepukire, ndipo kompyuta idzabwera iri yamoyo koma mamakisi a ana mulibe.