Mwana Wokodza Pogona: Kodi Masingano a ku China Angathandize?

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta phiri la Mulanje, bulangete lochapa siliuma msanga. Kwa mayi amene mwana wake amakodza pogona, imeneyi ndi nyengo yowawa. Makolo ena amamukwapula mwanayo, ena amamunyoza pamaso pa anzake, enanso amakamutemetsa mphini. Tsopano kwamveka za chithandizo cha ku China chobaya timasingano, chotchedwa acupuncture. Kodi chimathandizadi?

Poyamba tidziŵe kuti vutoli si ulesi kapena mwano. Mwa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodza pogona, ndipo ambiri amasiya okha akamakula. Kaŵirikaŵiri limakhala la kumtundu: bambo kapena mayi nawonso ankatero ali ana. Ana ena thupi lawo limapanga mkodzo wambiri usiku, ena chikhodzodzo chawo sichisunga wochuluka, ndipo ena amagona tulo tofa nato osamva kuti chadzaza.

Pa chithandizo cha acupuncture, katswiri amabaya timasingano topyapyala kwambiri pamalo osankhika, monga pansi pa mchombo, kumsana ndi m'miyendo, n'kutisiya kwa mphindi 20 kapena 30. Mwana amayenera kubwererako kangapo. M'chaka cha 2011 bungwe la Cochrane, lomwe limaunika ntchito za ofufuza za mankhwala, linapeza kuti ana ena anaoneka kuti athandizika, koma ana oyesedwawo anali ochepa ndipo kayesedwe kake kanali kopereŵera. Choncho umboni ndi wofooka. Tisagulitse mbuzi pofuna chithandizo chimenechi.

Tisasokonezenso masinganoŵa ndi mphini. Lumo limodzi lotemera ana angapo lingapatsire HIV kapena matenda a chiŵindi. Ngakhale singano ya katswiri iyenera kukhala yatsopano, yotayidwa ikangogwira ntchito.

Nanga tiyambire pati? Tiyambire kukayezetsa mkodzo, kaya pa chipatala cha boma cha Mulanje, cha Mulanje Mission, kapena chaching'ono cha kwathu. Ife a m'mbali mwa nyanja ya Malaŵi, Malombe ndi Chilwa tikumbukire likodzo, lomwe limatupitsa chikhodzodzo ndi kutulutsa magazi mu mkodzo. Mankhwala ake, praziquantel, alipo. Mwana amene anasiya kalekale koma wayambiranso, makamaka ngati akumva ludzu kwambiri ndi kuwonda, tithamange naye kuchipatala, chifukwa angakhale matenda a shuga. Kudzimbidwa nakonso kumapanikiza chikhodzodzo.

Pakhomo tingachite zambiri. Mwana azimwa madzi okwanira masana, koma achepetse dzuŵa likaloŵa. Tiyi, ngakhale ndi ulemerero wa Mulanje, amachulukitsa mkodzo, tsono asamwe madzulo. Azikodza asanagone, ndipo timuikire kandowa ndi kanyali pafupi, pakuti ana ambiri amaopa mdima wa kuchimbudzi. Tiyale pepala la pulasitiki pa mphasa kapena matiresi. Zikakanika, dokotala angapereke mankhwala monga desmopressin, ochepetsa mkodzo usiku.

Makolo anzathu, chikwapu sichiumitsa mphasa, chimangowonjezera mantha. Mwana akadzuka pouma timuyamikire. Akadzuka ponyowa timuthandize kusamba ndi kuchapa mwakachetechete, nkhaniyo ithere m'nyumba momwemo.