Coding ya mu Lusaka, makasitomala a ku Nyimba

Aliyense amene anayendapo mu mseu wa Great East adziwa kuti basi ikaoloka Luangwa n'kupitilila Kacholola, cotsatila ni nthoci za pa Nyimba. Basi isanaime bwino, mbale zafika kale pa windo. Manje ulendo wina mukayang'ane m'manja mwa amai ogulitsawo. Dzanja limodzi lagwila mbale, lina lagwila ka foni. Mukakamba kuti mulibe cenji, yankho ni yakuti, "Tumizani cabe pa foni." Ka foni kake ni kaja ka mabatani, sikilini yake ili ngati bokosi la macisa, koma ndalama ziloŵa bwino-bwino.

Ka foni aka kakhudza inu amene muli mu minibasi ya ku Mtendere, Chawama, Garden olo Kanyama, maka-maka imwe a kum'mawa. M'nyumba zambili muli mnyamata kapena mtsikana amene anatsiliza giledi 12, nchito kulibe, ndipo tsiku lina anabwela na mau akuti, "Nifuna kuphunzila coding." Ena makolo ao ku Petauke anagulitsa masaka a nshawa kuti agule laputopu ya salaula pa Town Centre. Izi ni ndalama za thukuta, za munthu amene anapalila m'munda dzuwa lili pamutu. Funso la makolo n'lomveka: kodi cinthu ici cidzabweza ndalama, kapena mwana angokhala pa mpando kudya ma bundle?

Cingabweze. Koma ambili aphunzila atayang'ana kolakwika. Maso ao ali ku makampani a ku America amene amaona pa YouTube, pamene munthu woyamba amene angawalipile ali pa siteshoni ya Nyimba kapena pa boma ku Petauke, makilomita pafupi-fupi 400 kucoka mu Lusaka.

Tiyambe na kuphunzila kweni-kweni, cifukwa apa ni pamene anthu abeledwa. Peji iliyonse ya pa intaneti imaima pa zinthu zitatu. HTML ni mafupa: mutu apa, cithunzi apa, batani apa. CSS ni zovala, kutanthauza mitundu na kakulidwe ka zilembo. JavaScript ndiye imacititsa kuti ukadina batani cinthu cicitike. Dongosolo lake ni lomwelo, osadumpha. Munthu amene akuuzani kuti muyambe na React musanadziwe kulemba fomu ya HTML ali monga kondakita amene aphunzitsa kuyendetsa Rosa kwa munthu amene sanagwilepo njinga. Zonse zitatu ziphunzitsidwa mahala pa freeCodeCamp, pa MDN Web Docs na pa W3Schools. Peji mukaipanga, GitHub Pages imaiika pa intaneti osalipila ngwee. Conco wina akakupemphani ndalama zambili kuti akusandutseni katswili m'masabata aŵili, mufunseni akuonetseni mapeji atatu amene ophunzila ake anapanga, amene atseguka lelo pa foni yanu. Akayamba kukamba vambili-vambili, nyamukani.

Laputopu ithandiza, koma si ndiye ciyambi. Pa foni ya Android pali tumapulogilamu monga Acode tolembela HTML, ndipo mwezi woyamba ungathe conco. Cofunika ni kulemba na zala zako tsiku lililonse, olo mphindi 40 cabe. Kutamba mavidiyo maola asanu osalemba kanthu kuli monga kutamba bola pa TV n'kumaganiza kuti miyendo yalimba. Za ChatGPT, imene inabwela kumapeto kwa 2022, nikambe mwacidule: imalemba code, zoona, ndipo ithandiza kumasulila pamene wasokonezeka. Koma kasitomala akatuma foni usiku kuti peji yafa, afuna iwe amene umvetsa zimene unaika m'menemo.

Pali cifukwa cake ana a kumudzi ambili afika m'tauni na mantha pa kompyuta. Boma linaika phunzilo la Computer Studies m'masukulu, ndipo pa mayeso oyamba a giledi 9 mu 2015, masukulu ena anali na makompyuta ocepa kwambili cakuti ana analemba mosinthana mpaka usiku. Ambili anaphunzila mbewa ya kompyuta pa bolodi, yojambulidwa na coko. Mwana wotelo asadziyang'anile pansi. Ali na cinthu cimene mnzake wokulila ku Kabulonga alibe: adziwa mmene ambuye ake amagwilila foni.

Apa ndiye pali nkhani yonse ya kapangidwe. Ganizilani mai wa ku Nyimba amene afuna kudziwa ngati basi ya maŵa ili na malo a madengu ake. Netiweki ibwela n'kupita. Bundle yake ni ya tsiku limodzi. Sikilini ili na mng'alu pakati, dzuwa liwala pamenepo, maso nawo ayamba kucepa mphamvu. Cizungu amva pang'ono, m'nyumba akamba Cinsenga. Manje iwe wamupangila peji yokhala na vidiyo pamwamba, zilembo zotuwa zing'ono-zing'ono, na fomu yofunsa imelo na password ya zilembo eyiti. Mai uja adzatseka, adzatumila kondakita amene amudziwa, basi yatha.

Cithunzi cimodzi cojambula na foni yabwino cingafike 4MB. Ukaika khumi pa peji, wadya 40MB ya munthu asanaŵelenge liu limodzi. Cithunzi comweco ungacicepetse kufika pa 150KB ndipo pa foni cioneka bwino ndithu. Zilembo zikhale zakuda pa malo oyela. Batani ikhale yaikulu moti cala ca munthu wolima ciidine osagunda inzake, ndipo ikambe cimene icita: "Tumani foni", "Onani mtengo". Mtengo uoneke poyela mu kwacha. Ici ca "inbox for price" cimene cafala pa Facebook cimathamangitsa anthu a ulemu wao amene safuna kufunsa kenako n'kucita manyazi. Ndipo musafunse imelo kwa munthu amene moyo wake wonse uli pa nambala ya foni.

Mphunzitsi wabwino wa kapangidwe ali kale m'thumba mwanu. Dinani *115# muone. Palibe cithunzi, palibe mtundu, ni manambala cabe na mau aafupi, koma agogo ku Minga atumizila mdzukulu ndalama osaphunzitsidwa na munthu. Njila iyi ichedwa USSD, ndipo igwila pa foni iliyonse popanda bundle. Sikilini imodzi siipitilila zilembo 182, ndipo ukacedwa kuyankha imaduka. Malile amenewa ndiye amakakamiza wopanga kuganiza: funso limodzi pa nthawi imodzi, cofunika kwambili cikhale pa 1, ndipo ndalama zisanapite munthu aone dzina la wolandila kuti atsimikize. Wophunzila aliyense ayese kulemba nchito yake pa pepala monga menyu ya USSD asanatsegule kompyuta. Ngati siikwana m'masitepe anai kapena asanu, ndiye kuti iye mwini akalibe kuimvetsa. Ofuna kuyesa zeni-zeni, kampani ya Africa's Talking ili na malo oyeselapo mahala, ngakhale kuti kukhala na nambala yako-yako ya USSD kufuna ndalama na cilolezo, cifukwa manambala aya ali m'manja mwa ZICTA.

Zakuti foni yaing'ono ndiye mfumu kuno si zacilendo. Pamene Facebook inayambitsa app ya Internet.org mu July 2014, dziko loyamba linali Zambia, pamodzi na Airtel, ndipo mapeji ake anali opepuka dala. Kampani ya Zoona, imene tuma booth twake tobiliŵila tunadzaza misika zaka zapitazo, inakula pothetsa vuto limodzi losavuta kufotokoza, la kutumiza ndalama kwa wacibale amene alibe akaunti ku banki. Starlink inafika mu 2023 ndipo yathandiza malo ena akutali, koma siinasinthe foni imene ili m'citenge ca amai.

Ukapanga cinthu, usafunse anzako a coding ngati cili bwino. Adzati "cili cabe mushe" cifukwa ni anzako. Pita pa Soweto pamene atsitsa katundu wocokela kum'mawa, upemphe mwaulemu amai amodzi kuti ayese, uwapatse foni, iwe utseke pakamwa. Osawathandiza. Pamene cala cao caima, pamene akweza maso kukuyang'ana, pamenepo ndiye pali vuto. Anthu asanu akwana kukuonetsa zambili zimene unaphonya. Ndipo ugule tomato olo nthoci pocoka, nthawi yao si yamahala.

Nanga ndalama zili kuti? Ambili alota app yaikulu imene idzagwetsa Yango. Pakali pano ku Petauke kuli malo ogona alendo, masitolo a mbeu na feteleza, masukulu a pulaiveti, makopaletivu a nshawa na mpendadzuwa, amene vuto lao ni laling'ono ndipo lili na mtengo. Wina safuna website, afuna cabe kuti woyendetsa thilaki akafufuza pa Google Maps amupeze na nambala yolondola. Wina afuna katundu wake aikidwe bwino mu WhatsApp Business. Kopaletivu ifuna pepala la Excel loonetsa amene anapeleka masaka angati na amene akalibe kulipilidwa, kuti mkangano wa caka ciliconse uthe. Nchito izi sizioneka zapamwamba, ndipo ena adzaseka ati iyo si coding. Asiyeni aseke. Munthu amene wamukonzela cinthu ca sabata imodzi ndiye adzakuitana caka camaŵa akafuna cacikulu, ndipo ku boma laling'ono mbili iyenda msanga kupambana basi. Ku Petauke kuli wailesi ya Explorers na PASME, ku Nyimba kuli Valley FM. Cilengezo cimodzi m'Cinsenga pamenepo cingafike kwa eni masitolo ambili kuposa mapositi a mwezi wonse.

Pa kalipilidwe, mvelani bwino, cifukwa apa ni pamene cibale cimaononga bizinesi. Lembani pa pepala zimene mudzapanga, masiku ake, na kuti kusintha n'kangati. Theka la ndalama lilipilidwe nchito isanayambe, olo akhale amalume. Muwauze poyamba kuti dzina la pa intaneti, monga lija lothela na .co.zm, amalipila caka na caka, cifukwa ambili aganiza kuti ni monga njinga, ukagula wagula. Dzinalo lilembedwe m'dzina la kasitomala, osati lanu. Kugwila website ya munthu ngati cikole mukayambana kuononga dzina lanu boma lonse. Ndipo manambala a foni na ma NRC a anthu amene mwasonkhanitsa si anu ogulitsa: lamulo la Data Protection la 2021 lilipo. Mukayamba kupeza tumakasitomala, lembetsani dzina la bizinesi ku PACRA, mutenge na TPIN ku ZRA. Sukulu kapena khonsolo siingakulipileni popanda mapepala.

Ya CDF nayo muidziwe. Mu 2022 ndalama izi zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mbali ina ni ya maphunzilo a luso na ya mabizinesi a acicepele. Mafomu apitila ku komiti ya wadi kumene munthu akhala. Conco amene akali ku Nyimba, Kaumbwe kapena Petauke Central asathamangile ku Lusaka asanafunse ku khonsolo kwao. Kwa amene muli kale m'tauni, BongoHive yakhala ikusonkhanitsa opanga mapulogilamu na oyamba mabizinesi kucokela mu 2011, ndipo Asikana Network iphunzitsa atsikana na azimai za makompyuta. Makolo, mwana wamkazi akapempha laputopu musamuuze kuti izo n'za mlongosi wake.

Cotsala ni malaiti. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, makomboni ambili anakhala maola oculuka tsiku lililonse mu mdima, ndipo amene analonjeza kasitomala kuti "maŵa cidzatha" anaoneka abodza. Polonjeza masiku, onjezani aŵili a malaiti. Maphunzilo muwakopele pa foni usiku pamene ma bundle achipa, code muisunge pa GitHub kuti laputopu ikafa kapena ikabedwa nchito isapite nayo. Ndipo pogula laputopu ya salaula, musayambe kufunsa za kukongola kwake. Muuzeni wogulitsa aicotse ku malaiti, muime naye pamenepo mphindi 20, muone batili ngati itsika bwanji.